Msana wa Felesita

Anthu akamakumbutsana za chaka cha gaga amakonda kuyamba ndi mtengo wa chimanga, ena ndi mbuzi zawo zomwe zinapita pa mtengo wa nkhuku. Ine ndimayamba ndi mng'ono wanga Felesita. Mayi athu anali atatisiya kale, ndipo pa ana awo tinatsala awiri basi. Ine ndinali ndi ana atatu komanso mwamuna wodwala chifuwa chosatha. Felesita anali ndi mwamuna wake Lino ndi mimba yoyamba. Nyumba zathu zinayang'anana pabwalo limodzi, kumunsi kwa Golomoti, kumene galimoto za pamsewu wa phula timangozimva osaziona.

Okutobala

Nkhokwe yanga inatha sabata yoyamba ya Okutobala. Dzinja lapitalo madzi anakhalitsa m'minda mpaka chimanga chinachita chikasu, ndiye tinakolola zitsononkho zambiri kuposa njere. Mango anali asanakhwime, koma ana anali atayamba kale kuwagenda.

Mwezi womwewo mimba ya Felesita inayamba kuonekera. Kwathu mtsikana wa mimba yoyamba sumuuza zinthu paliponse ngati ukumuuza mtengo wa tomato. Pamafunika chisamba. Anankungwi amabwera, amamutsekera m'nyumba, n'kumuuza zonse: mmene matenda amayambira, pomwe amayambira, choti achite ndi choti asachite. Iwo asanatero, ngakhale iwe mkulu wake wa bere limodzi umatseka pakamwa, poti amati ukatsogola kulankhula waitana tsoka. Choncho ndinapita kwa a Nankhoma, namkungwi wa m'mudzi mwathu, kukawapempha.

"Ufa ulipo?" anandifunsa, mkeka womwe asanandiyalire.

"Tiyesetsa, mayi."

"Nkhuku?"

"Zinatha ndi chitopa."

"Ndiye amayi asanu adzaimba ndi chiyani, mwana wanga? Ndi mphepo? Dikirani maungu ayambe. Mimba sithawa."

Ndili m'njira ndinawerenga zala. Maungu amayamba mu Malichi, pomwe Felesita amayenera kuchira mu Febuluwale. Ndinatukwana chamumtima njira yonse, koma sindinabwerere kukawatsutsa.

Novembala

Mvula inagwa bwino, ngati kuti ikutiseka. Tinabzala mbewu yochepa yomwe tinabisa kudenga. Oyandikana nafe, a Sandalamu, mbewu yawo anaitsuka mankhwala n'kuikazinga, ndipo munda wawo unangomera udzu.

Lino anaona kuti pakhomo palowa galu wakuda. Anamva kuti kuseri kwa mapiri, ku Mozambiki, ganyu akulipira chimanga chenicheni, ndiye anamanga bulangete lake n'kunyamuka wapansi ndi anzake atatu. Anali mnyamata wofatsa, wosamwa, wa mano otalikirana. Potsanzika anandigwadira.

"Alamu, ndakusiyirani Felesita m'manja mwanu. Khirisimasi isanafike ndabwera."

Felesita anapita kusikelo kamodzi kokha, ku Mua, wapansi. Anabwerako madzulo mapazi atatupa, n'kutiuza kuti amuuza abwere kuchidikiro Febuluwale akangoyamba, atatenga ufa, nkhuni ndi munthu womudikirira. Tinaseka mpaka misozi. Ufa woti munthu azikadya atangokhala? Munda wake ankalima yekha, ndipo amayi odutsa ankamuyamikira. Ankati limbika choncho, wapakati akamangogona mwana amakhala waulesi potuluka.

Disembala

Disembala unali mwezi wa mizere ndi mphekesera. Kumsika wa chimanga anthu ankaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerako ndi kathumba koti ungakabise m'khwapa, ena chimanjamanja. Mavenda a pa Golomoti ankakweza mtengo kawiri pa tsiku. Mbuzi yanga yomaliza, yaikazi, ya bere, inapita ndi ndowa imodzi ya chimanga yosadzaza. Kunamveka zoti chimanga chinagulitsidwa kunja. Kunamveka zoti sitima yabweretsa china pa Mtakataka, anthu n'kuthamangirako, n'kukapeza njanji yokha. Kunamvekanso zoti gaga wina akusakaniza ndi utuchi, ndipo izi zokha ndiye zinali zoona.

Tinkagonera mango ophika. Mabanja anayamba kudyera m'nyumba zitseko zili zotseka, ndipo mlendo akagogoda mbale inkalowa pansi pa mphasa. Khirisimasi inadutsa, Lino osaoneka.

Januwale

Mango atatha tinayamba kukumba zitsa za nthochi. Umasenda, kusinja, kuyanika, n'kuphika chinthu chakuda chomwe chimangonamiza m'mimba. Maliro anachuluka, ndipo manda ankakumbidwa osaya chifukwa adzukulu analibe mphamvu.

Mwana wanga womaliza, Tereza, anali ndi zaka ziwiri ndi theka. Anasiya kulira, tsitsi linafiira, mapazi anayamba kutupa. Ukadina ndi chala pankatsala kadzenje. Ndinali nditaonapo ana awiri a m'mudzi mwathu akuyamba choncho, ndipo ndinkadziwa komwe anathera.

Ganyu yemwe anatsala anali wa kudambo, wowokera mpunga. A Nachisale, mayi wa golosale ku Mtakataka, anali ndi minda ikuluikulu kumeneko ndipo ankalipira gaga wa kuchigayo, wopanda utuchi. Koma iwo sankafuna zowokera mwachisawawa. Ankafuna mizere ya chingwe. Chingwecho chimakhala ndi mfundo, ndipo mbali zonse ziwiri chimamangidwa ku chikhomo. Wina amagwira uku, wina uko. Mumabzala mbande pa mfundo iliyonse kuchokera kumapeto mpaka kukumana pakati, kenako aliyense amabwerera kukazula chikhomo chake, kusuntha, n'kuyamba mzere wina. Munthu mmodzi sangathe. Ndime ankapereka kwa anthu awiriawiri, ndipo aliyense anali kale ndi mnzake. Ine wanga anali Felesita.

Tinagwira masabata atatu, titawerama m'madzi, misundu ikutiyamwa magazi omwe tinalibe. Mimba yake inkachita kukhudza madzi. Sanadandaule ngakhale tsiku limodzi, ndipo kunena zoona nthawi zina kufatsa kwakeko kunkandipsetsa mtima.

Febuluwale

Linali Lachinayi, sabata yachiwiri. Kutangocha Felesita anatuluka m'nyumba atagwira m'chiuno.

"Achemwali, msana lero wanditenga."

"Msana wa ndani sukupweteka? Tiye, tichedwa."

Apa ndiye sindinaname. Aliyense wowokera mpunga msana umamupweteka. Komanso ana anga onse atatu matenda awo anayambira kutsogolo, pachinena, ndipo ndinkaganiza kuti mkazi aliyense zimatero. Zoti ena zimayambira kumsana ndinali nditangomvapo patali.

Tsiku limenelo a Nachisale anatipatsa ndime yaikulu, yomaliza m'munda mwawo. Ganyu wa mpunga ankathera pomwepo.

"Zigoba ziwiri za gaga mukamaliza," anatero. "Mbande zazulidwa kale, zikagona zifota. Ndime yosatha sindilipira, mukudziwa." Kenako anayang'ana mimba ya Felesita. "Koma ameneyu atha?"

"Atha, mayi. Ndi wamphamvu kuposa ine."

Tinalowa m'madzi. Usiku wake kunagwa mvula, ndiye madzi ankafika m'mawondo, ndipo pasanapite nthawi zitenje zathu zinali zitanyowa mpaka m'chiuno. Tinagwira bwino mpaka dzuwa litakwera. Kenako ndinaona chingwe chalendewera. Felesita anali ataima, manja pamawondo, akupumira m'kamwa. Patapita kanthawi anawerama n'kupitiriza. Tinabzala mizere ingapo, anaimanso chimodzimodzi.

"Achemwali, ukumabwera n'kupita."

Msana wa ganyu subwera n'kupita, umangokhala pomwepo. Ndinadziwa nthawi yomweyo, ndipo ndikunena poyera chifukwa zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu zina. Ndinadziwa.

Ndinayang'ana ndime, inali isanafike ndi theka lomwe. Ndinaganiza za mapazi a Tereza. Ndinakumbuka kuti mwana wanga woyamba ananditengera tsiku lathunthu ndi usiku wake, ndiye ndinadziuza kuti mimba yoyamba sifulumira. Tikamaliza dzuwa likupendeka, tidzakhalabe ndi nthawi yokwanira yofikira ku Mua. Ndinadziuzanso kuti ine si namkungwi, si udindo wanga kumuuza, ndipo matenda salengeza pagulu kuopa anthu oipa angamange mimba. Mwambo womwe ndinautukwana mu Okutobala, tsiku limenelo ndinaukumbatira ndi manja awiri.

"Ndi njala imeneyo," ndinatero. "Imwa madzi. Ndipo usamalankhule mokweza."

Ndinayamba kuwerenga mizere yomwe tinkabzala pakati pa kuima kwake. Inali khumi. Ndinati bola, tikadali kutali.

Dzuwa lili pamutu Felesita anandiitana pamene tinakumana pakati pa chingwe. Ananong'ona mwamanyazi.

"Ndamva ngati ndadzikodzera. Zambiri, zofunda."

"Nanga tonsefe ukuona ngati timapita kuti? Tonse timakodzera m'madzi momwemu."

Amayi a ndime yoyandikana nayo anamva n'kuseka, nayenso Felesita anaseka. Inali nsupa imeneyo, itasweka. Pamtunda aliyense akanaona, koma ife tinali m'madzi, tonse onyowa. Mayi wina wachikulire pa amayiwo sanaseke. Anawongoka n'kumuyang'anitsitsa.

"Make Tereza, mwanayu mwamuona nkhope?"

"Samalani ndime yanu, mayi. Wathu timamudziwa tokha."

Mizere inatsika kufika isanu ndi umodzi, kenako inayi. Felesita anasiya kulankhula. Ululu ukabwera ankagwada m'matope n'kuluma nsonga ya chitenje, ukapita ankadzuka n'kutola mbande. Chakumapeto ndinkabzala mbali yake ndi yanga yomwe, iye ntchito yake n'kungozula chikhomo ndi kusuntha. Ndinkamukalipira akachedwa. Ndinamuuza kuti asandichititse manyazi, kuti akazi anzake amachira ali kumunda n'kubwerera kunyumba okha, kuti akafuna ulesi akadikire mwamuna wake wothawayo. Anangoti, "Pepani, achemwali."

Tinamaliza dzuwa litapendeka. Felesita anakwawira pamtunda wa m'malire n'kugona chammbali. Ine sindinapite kwa iye. Ndinathamangira kwa a Nachisale pansi pa mtengo, kuopa kuti gaga angathe, ndipo ndinaima pamzere. Poyeza anasalaza chigoba ndi dzanja, ine n'kukangana nawo kuti dzulo ankadzaza mpaka pamwamba. Ndinapambana mkanganowo, anandiwonjezera kadzanja kamodzi.

Pobwerera ndinapeza amayi atamuzungulira, atatchinga ndi zitenje. Mayi wachikulire uja anali atagwada pamiyendo pake. Anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo sanakweze mawu.

"Mchombo watsogola. Watuluka kale, ndipo wazizira."

Ngolo kunalibe, ng'ombe zinali zitatha kugulitsidwa ndi kubedwa. Tinadula nsungwi, kumanga zitenje, n'kumunyamula amayi anayi, anthu oti sitinadye chilichonse chichokereni m'mawa. Tinagwa naye kawiri. Gaga ndinamumanga kumsana ngati mwana, ndipo sindinamutsitse njira yonse. Pamsewu galimoto ya matola inaima, woyendetsa n'kuyang'ana matope ndi magazi, n'kunena kuti sanyamula ulere. Anatenga chigoba chimodzi.

Kuchipatala anamwino anatilandira mothamanga, ndipo anachita zonse zomwe akanatha. Mmodzi anandifunsa ali m'kati movala magolovesi.

"Matenda anayamba nthawi yanji? Nsupa inasweka liti?"

"Posachedwapa."

Anayang'ana matope omwe anaumira m'miyendo mwa Felesita, kenako anayang'ana ine. Mwana anabadwa dzuwa litangolowa. Anali wamwamuna, wamkulu bwino, watsitsi lambiri, ngati kuti njala yonse ija sinamukhudze. Sanalire. Namwino uja anandiuza pakhonde kuti akanafika pamene matenda ankayamba, bwenzi tikunena zina.

Mwana wotero kwathu timati mtayo. Amakaika amayi okhaokha, dzenje losaya, popanda bokosi, popanda nyimbo, ndipo salola kulira poti amati mayi wake sadzaberekanso. Tinamuika m'mawa mwake, Felesita akadali kuchipatala. Pochoka kumandako ndinasamba m'manja, ndinasefa gaga uja, n'kumuphikira Tereza phala. Anadya lonse n'kunyambita supuni. Ndinakondwa, Mulungu andikhululukire, ndinakondwa kwambiri.

Felesita anabwera patapita masiku anayi. A Nankhoma anamuchenjeza pakhomo pomwe kuti asagwetse msozi, ndipo sanagwetse. Ankangokhala pakhonde, mkaka ukudontha n'kunyowetsa bulauzi.

Malichi

Chimanga chinayamba kukhwima, ndipo anthu anayamba kugona m'minda ndi zikwanje. Mnyamata wina wa kutsidya anamugwira ndi zimanga zinayi zokha, anamumenya mpaka mkono sunagwirenso ntchito. Maungu anayamba. Kutupa kwa Tereza kunayamba kuphwa.

Lino anafika pakati pa mwezi, atasenza theka la thumba la chimanga, mapazi atang'ambika, atawonda ngati si iye. Anati anadwala malungo kumeneko, ndipo mwini munda anawasunga osawalipira mpaka atamaliza kupalira kachiwiri. Atamva za mwana anakhala pansi pabwalo pomwepo, thumba lili pambali.

Akuluakulu anakhala pansi kuti aone chomwe chinachitika. A Nankhoma ananena kuti mchombo sutsogola pachabe. Anati mwamuna akayenda ndi akazi ena mkazi wake ali ndi pakati, zotsatira zake ndi zimenezi, ndipo munthu sangakhale miyezi inayi kunja osalawa kanthu. Lino analumbira, analira, anatchula dzina la mayi ake. Kenako malume athu anatembenukira kwa ine.

"Iwe unali naye. Sanachedwe kunena mwanayu? Panalibe chizindikiro?"

Mayi wachikulire wa kudambo uja anali wa mudzi wina, panalibe wonditsutsa.

"Panalibe, malume. Zinangomugwera mwadzidzidzi titamaliza ntchito."

Lino anali mkamwini, ndiye mlandu sunatalike. Anamuuza atenge bulangete lake. Ananyamuka tsiku lomwelo, ndipo podutsa pakhomo panga anaima n'kunena kuti, "Zikomo alamu, munayesetsa." Chimanga chake chinatsala, poti chinali chitalowa kale m'nyumba ya mkazi. Tinadya mabanja awiri mpaka chathu chitauma.

Meyi

Tinakolola bwino ndithu chaka chimenecho, moti anthu anayambanso kudyera panja. Mtengo wa chimanga unagwa, mavenda omwe aja n'kumabwera ndi masikelo awo kudzatinyengerera. Tereza anayamba kuthamanga, tsitsi lakuda likumera pansi pa lofiira lija.

Tsiku lina masana tinali pabwalo awiri, ine ndi Felesita, tikutong'ola chimanga. Anali atayamba kunenepa, koma kulankhula kunali kochepa. Anayamba osandiyang'ana.

"Dzana a Nankhoma anandiitana. Ati poti ufa wapezeka, andilange zonse, ndisadzavutikenso ulendo wina. Ndinawapatsa nkhuku."

"Wachita bwino."

"Ati ena zimayambira kumsana. Ati zimabwera n'kupita, ndipo wodziwa amawerenga mpata wake. Mpata ukamachepa ndiye kuti mwana wayandikira."

Chitsononkho chinali chikundicheka chala koma ndinapitiriza.

"Tsiku lija milomo yanu inkayenda, achemwali. Poyamba ndinkayesa mukupemphera. Titakumana pakati pa chingwe ndinamva mukuti teni. Kenako sikisi. Kenako folo. Ndinkati mukuwerenga mizere yotsala, koma ndikayang'ana kumbuyo, mizere inali yambiri."

Ndinafuna kunena za Tereza, za mwambo, za mimba yoyamba yomwe sifulumira. Zonse zinali zokonzeka pakamwa, poti ndinali nditaziyeseza miyezi itatu.

Nthawi yomweyo Tereza anabwera akuthamanga, n'kudzigwetsa pamiyendo pa Felesita monga ankachitira masiku onse. Felesita anamunyamula, anamukhazika bwino, n'kugwira phazi lake. Analidina ndi chala, n'kuyang'ana. Panalibe kadzenje.

"Wachira ndithu," anatero.

"Wachira."

"Ndiye bola. Wanga uja sanapite pachabe."

Anamutsitsa mwanayo, anakutumula chitenje, n'kutenga lichero lake kulowa m'nyumba. Sanakauze malume, sanatumize mawu kwa Lino, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso. Anakwatiwanso patapita zaka ziwiri, ali ndi ana anayi tsopano, ndipo tikukhalabe pabwalo lomwelo. Amandipatsa moni m'mawa uliwonse, amandigawira ndiwo. Koma mimba zonse zinayi, tsiku lake likafika, ankatseka chitseko chake mwakachetechete, n'kudutsa pakhomo panga ine ndili pakhonde, kukagogoda kwa anthu ena.